Samson Kambalu: waluso wophunzira ku Zomba amene anakaimika Chilembwe pakati pa London

Samson Kambalu ndi Mmalawi wochita zaluso, wolemba mabuku komanso mphunzitsi pa yunivesite ya Oxford ku England. Anabadwa mu 1975, ndipo digiri yawo yoyamba anaitenga konkuno ku Zomba, pa Chancellor College. Ambiri a ife tinayamba kumva dzina lawo mu 2022, pomwe chiboliboli chawo cha mbusa John Chilembwe chinaimikidwa pabwalo la Trafalgar Square mumzinda wa London.

Ndasonkhanitsa mbiriyi poganizira achinyamata athu ojambula. Kuno kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, kuchokera ku Jali mpaka padoko la Kachulu, aluso alipo ndithu: ndi amene amalemba mayina pa mabwato, kujambula mitu ya anthu pa makoma a malo ometera, ndi kukongoletsa magolosale. Mwa iwo mumamveka funso limodzi kawirikawiri: kodi ukatengera kajambulidwe ka azungu ndiye kuti wataya chikhalidwe? Nanga ukakakamira zakwanu zokha, ungapite patali? Moyo wa a Kambalu ukuyankha funsoli, ndipo mbiri ya ojambula ena akale a kutsidya kwa nyanja ikuvomereza yankholo.

Ubwana ndi sukulu

Bambo awo a Kambalu ankagwira ntchito yachipatala, ndipo banja lawo linkasamuka boma ndi boma malinga ndi komwe ntchito yawatumiza. Mwana wokula motere amamva ziyankhulo zambiri, amaona magule osiyanasiyana. M'nyumbamo munalinso shelefu ya mabuku, ena a anthu oganiza mozama a ku Ulaya monga Friedrich Nietzsche. Zonsezi anazifotokoza okha m'buku la mbiri ya moyo wawo, The Jive Talker, lomwe linatuluka mu 2008. Mutu wa bukuli ndi dzina lomwe ana ankatchulira bambo awowo kaamba ka kayankhulidwe kawo.

Kusekondale anapita ku Kamuzu Academy, sukulu yomwe Dr Hastings Kamuzu Banda anatsegula mu 1981 ku Mtunthama m'boma la Kasungu. Masiku amenewo aphunzitsi anali ochokera ku Britain, ndipo mwana aliyense ankayenera kuphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Tangoganizani: mnyamata woti kunja kwa mpanda akumva ng'oma za gule wamkulu, m'kalasi akuwerenga za Aroma. Kusakanikirana kumeneku ndiko kunadzakhala msana wa luso lawo lonse.

Ku Chirunga

Kuyambira 1995 mpaka 1999 anaphunzira zaluso ndi za nyimbo zachikhalidwe pa Chancellor College. Sukuluyi inasamukira ku Zomba mu 1973, ndipo kuyambira 2021 ikungotchedwa University of Malawi. Nthambi yake ya zaluso yadutsamo akatswiri odziwika, monga wojambula Kay Chiromo ndi osema ziboliboli Willie Nampeya ndi Berlings Kaunda. Ndikutchula izi dala, chifukwa ena amaganiza kuti sukulu ya luso ili kutali kwambiri, chonsecho ili m'boma lathu lomwe lino, msewu womwewu wa ku Kachulu ukathera m'tauni.

Ntchito yomwe inawatchukitsa koyamba inatuluka mu 2000, ndipo imatchedwa Holy Ball. Anatenga mpira wamiyendo n'kuumata masamba a Baibulo thupi lonse, kenako n'kuitana anthu obwera kuchionetsero kuti aumenye. M'dziko lopemphera ngati lathu, mukhoza kuona nokha kuti phazi limayamba lazengereza. Koma funso lomwe mpirawo unkafunsa ndi lenileni: zinthu ziwiri zomwe zinabwera ndi azungu, buku ndi mpira, zonse tinazikonda mpaka kuzisandutsa zathu, nanga n'chifukwa chiyani china timachiopa, china timasewera nacho? Ine ndikauganizira mpirawu ndimakumbuka chikulunga cha ana athu, chomangidwa ndi majumbo ndi luzi. Mwana wa kuno sadikira mpira wa m'sitolo. Amatola zomwe zilipo n'kupanga wake.

Apa ndi pomwe a Kambalu anapatukira pa njira ya kujambula ndi burashi kokha, n'kulowa luso lomwe chachikulu ndi ganizo, osati kukongola kwa chithunzi. Atapita ku England anachita digiri yachiwiri pa Nottingham Trent University, kenako ya udokotala pa Chelsea College of Arts ku London.

Kanema wa Nyau

Ali kunjako anayamba kupanga timakanema tomwe anatitcha Nyau Cinema. Anadziikira malamulo khumi, ndipo lina mwa iwo ndi loti kanema asapitirire mphindi imodzi. Wosewera amakhala iwo eni, ali mumsewu kapena papaki, akuchita zinthu zooneka zachibwana: kudumpha, kuyenda modabwitsa, kubwereza chinthu chimodzimodzi. Nthawi zambiri kamera amapatsa munthu wongodutsa kuti awajambule. Zithunzi zake zimaoneka zakale, ngati za m'makanema oyambirira opanda mawu.

Magwero ake ndi awiri. Oyamba ndi makanema omwe ankaonera ali mwana kuno kumudzi, pomwe woonetsa kanema ankadula ndi kulumikiza mafilimu momwe wafunira, anthu n'kumakuwa ndi kuseka. Achiwiri ndi gule wamkulu, yemwe bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi. M'zolemba zawo a Kambalu amagwirizanitsa nyau ndi kusewera komanso kupatsa kosayembekezera malipiro.

Tisaiwale kuti gule mwini wake sakana zachilendo. Pabwalo pamatuluka Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, pamatuluka Maliya wotengedwa ku tchalitchi, pamatuluka ngakhale chilombo chooneka ngati galimoto. Amene anafikako ku Mua, komwe bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, anaona okha zigoba mazanamazana zosonyeza zimenezi. Gule amameza chachilendo n'kuchilavula chili chake. A Kambalu anachita zomwezo ndi kamera.

Mlandu wa ku Venice

Mu 2015 anaitanidwa ku chionetsero chachikulu cha zaluso cha mumzinda wa Venice ku Italy, chomwe chimachitika zaka ziwiri zilizonse ndipo chinayamba mu 1895. Chaka chimenecho wosankha aluso anali Okwui Enwezor wa ku Nigeria. A Kambalu anaonetsa ntchito yotchedwa Sanguinetti Breakout Area.

Nkhani yake ili motere. Gianfranco Sanguinetti wa ku Italy anali m'gulu la Situationist International, lomwe linakhalapo kuyambira 1957 mpaka 1972 ndipo linkatsutsa zosandutsa luso kukhala malonda. Patapita zaka, mkuluyu anagulitsa makalata ndi zolemba zake ku laibulale ya yunivesite ya Yale ku America. A Kambalu anapita ku laibulaleko, anajambula zolembazo ndi kamera, n'kukazipachika ku Venice kuti aliyense aone. Sanguinetti anakasuma, koma khoti la ku Venice linagamula mokomera a Kambalu. Kunena mwachidule, mnyamata wa ku Chirunga anatenga chiphunzitso cha azungu n'kuwakumbutsa nacho eni ake.

Chipewa cha Chilembwe

Pabwalo la Trafalgar Square pali nsanja zinayi zoikapo ziboliboli. Yachinayi inamangidwa mu 1841 koma inakhala yopanda kanthu zaka zoposa 150, ndipo kuyambira 1999 pamaikidwa ntchito za aluso mosinthanasinthana. Mu 2021 ntchito ya a Kambalu inasankhidwa, ndipo inavundukulidwa pa 28 September 2022. Inakhalapo mpaka 2024.

Chibolibolicho chinachokera pa chithunzi cha mu 1914, chomwe chikuonetsa a Chilembwe ataima ndi mmishonale wachizungu John Chorley pa tchalitchi chawo chatsopano ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Pachithunzipo a Chilembwe avala chipewa. Kwa mwana wa lero zimenezi si nkhani, koma nthawi ya atsamunda munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi mzungu. A Kambalu anakuza a Chilembwe mpaka pafupifupi mamita 5, pomwe Chorley anamusiya pa msinkhu wa munthu wamba. Basi, uthenga wonse uli pamenepo, popanda kulemba liwu.

A Chilembwe nawonso anali munthu wa maiko awiri. Anapita ku America mu 1897 ndi Joseph Booth, anaphunzira zaubusa ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, n'kubwerera mu 1900 kudzayambitsa Providence Industrial Mission. Kuukira kwawo kunayamba pa 23 January 1915, ndipo anaphedwa pa 3 February chaka chomwecho. Ambiri mwa anthu omwe ankazunzika ndi thangata m'minda ya azungu ku Magomero anali Alomwe, abale a anthu omwe adzaza midzi ya kuno kunyanja.

Dzina la chibolibolicho ndi Antelope, ndipo likuloza kwa Kasiyamaliro, chilombo chachikulu cha gule chooneka ngati nyama ya m'tchire ya nyanga. Ndiye onani: kaumbidwe ndi ka ziboliboli za ku Ulaya, suti ndi yachizungu, bwalo ndi la ku London, koma dzina ndi mtima wake n'zochokera kudambwe.

Liwu loti Creole

Kusakaniza kotereku kuli ndi dzina kumaiko ena. Liwu loti Creole linachokera ku Chipwitikizi ndi Chisipanishi, ndipo poyamba linkatanthauza munthu wobadwira m'dziko lolamulidwa ndi atsamunda, osati ku Ulaya kapena ku Africa komwe makolo ake anachokera. Pambuyo pake linayamba kutanthauza ziyankhulo, zakudya, nyimbo ndi miyambo zomwe zinabadwa pomwe Aafirika otengedwa ukapolo, azungu ndi mitundu ina anakhalira pamodzi. Zikhalidwe zotere zili ku Haiti, ku Louisiana m'dziko la America, ku Cape Verde, komanso kwa anzathu a mu SADC, Mauritius ndi Seychelles. Ku Seychelles, Kreol ndi chimodzi mwa ziyankhulo za boma.

Ife sitidzitcha dzina limeneli, ndipo mbiri yathu ndi yosiyana ndi ya zilumbazo. Komabe chinthucho timachidziwa. Kuno kunyanja Anyanja, Ayao ndi Alomwe akwatirana mpaka mwana mmodzi amayankha moni m'ziyankhulo zitatu. Mawu ngati nsapato, kalata, mbatata ndi kapitawo tinabwereka kwa Apwitikizi, koma ndani lero amawaona ngati alendo? Beni amene amavinidwa m'midzi ya Ayao anatengera perete wa asilikali a atsamunda, yunifolomu ndi maudindo omwe, koma palibe anganene kuti beni ndi gule wa azungu.

Ojambula kuwala

Pa nkhani ya penti ndi burashi, chitsanzo chomveka bwino cha kusakaniza kotere chikuchokera ku zilumba za Caribbean, ndipo chikukhudza kajambulidwe kotchedwa impressionism. Kajambulidweka kanayambira ku France. Mu April 1874 gulu la ojambula omwe ntchito zawo zinkakanidwa kawirikawiri ku chionetsero cha boma linakonza chionetsero chawochawo ku Paris. Claude Monet anaikapo chithunzi cha dzuwa likutuluka padoko la Le Havre, chotchedwa Impression, soleil levant. Wolemba nkhani wina, Louis Leroy, anatola liwu loyambalo n'kuwanyoza nalo, ndipo dzina lachipongwelo linakanirira.

Njira yawo inali yotere. Ankatuluka m'nyumba n'kukajambulira panja, zomwe zinatheka bwino chifukwa penti wa m'machubu anali atayamba kupangidwa kuchokera mu 1841. Ankagwira ntchito mofulumira kuwala kusanasinthe. Sankasalaza penti, koma ankaika timizere tatifupi ta mitundu yosiyana moyandikana kuti diso la woonera lisakanize lokha. Mthunzi sankaupaka wakuda, ankaona kuti uli ndi mtundu wake, mwina wobiriwira, mwina wonga mtambo. Ndipo ankajambula moyo wa tsiku ndi tsiku: ochapa zovala, olima, mabwato, misika.

Zionetsero zawo zinalipo zisanu ndi zitatu, kuyambira 1874 mpaka 1886, ndipo munthu mmodzi yekha amene anaonetsa pa zonsezo ndi Camille Pissarro. Iyeyu sanabadwire ku France. Anabadwa mu 1830 pachilumba cha St Thomas ku Caribbean, ndipo zojambula zake zoyambirira ndi za magombe, migwalangwa ndi amayi akuda a kwawoko. Anakakhazikika ku Paris mu 1855. Edgar Degas naye mayi ake anali a banja la Creole la ku New Orleans, komwe iye anakacheza mu 1872 ndi 1873 n'kujambula ofesi ya ogula thonje.

Koma amene ndikufuna achinyamata athu amudziwe ndi Francisco Oller wa ku Puerto Rico, yemwe anabadwa mu 1833 n'kumwalira mu 1917. Anaphunzira ku Madrid, kenako ku Paris kuyambira 1858, komwe anapalana ubwenzi ndi Pissarro ndi Paul Cézanne. Akanatha kukhala konko n'kumajambula mitsinje ya ku France moyo wake wonse. M'malo mwake ankabwerera kwawo, ndipo mu 1868 anatsegula sukulu yaulere yophunzitsa kujambula ku San Juan. Kuwala komwe anaphunzira ku Paris anakutembenuzira pa minda ya nzimbe, pa mafakitale a shuga, pa nthochi, mango ndi kokonati. Anajambulanso Rafael Cordero, mphunzitsi wakuda amene ankaphunzitsa ana a mitundu yonse kwaulere. Kumbukirani kuti ukapolo ku Puerto Rico unathetsedwa mu 1873, Oller ali kale bambo wa zaka pafupifupi 40.

Chithunzi chake chotchuka ndi El Velorio cha mu 1893, chomwe chikusungidwa ku yunivesite ya Puerto Rico. Chikuonetsa maliro a mwana m'nyumba ya kumudzi. Mwanayo wagonekedwa patebulo ndi maluwa, koma anthu ali pa phwando: ena akuimba, ena maso ali pa nyama yankhumba yootcha, kudenga kwapachikidwa chimanga ndi nthochi. Nkhalamba imodzi yokha yakuda ndi imene yawerama kuyang'ana mwanayo. Pakhomo ndi pawindo pakuoneka dziko lowala, lojambulidwa mwa njira ya ku Paris ija. Aliyense amene anagonapo pa siwa n'kuona ena akukanganirana ndiwo akhoza kuchimva chithunzichi popanda womasulira. Oller sanajambule kwawo kuti akukometse ayi. Anakujambula momwe kunalili, ndi zokoma ndi zochititsa manyazi zomwe.

Nanga kuno ku Chilwa?

A Kambalu sajambula ngati Monet, ndipo Oller sanaonepo gule. Chowalumikiza ndi njira: onse anapita kukatenga chida kutali, n'kuchilozetsa pa nkhani ya kwawo. Kutengera si vuto. Vuto ndi kutengera chida pamodzi ndi maso a mwini wake.

Ndikunena izi chifukwa zithunzi zambiri zogulitsa kwa alendo, kaya m'tauni kaya pamsewu wokwera kuphiri, zimafanana ngati mapasa: dzuwa lofiira likulowa, mlambe umodzi, amayi atatu atasenza mitsuko. Sindikunyoza, munthu amajambula chomwe chikugulidwa, ndipo penti ndi wodula. Koma zithunzi zimenezo zikhoza kukhala za dziko lililonse. Za Chilwa zili kuti?

Chonsecho nyanja yathu ili ndi zonse zomwe ojambula kuwala aja ankasakasaka. Ife a kumadzulo dzuwa limatitulukira pamadzi, kuchokera mbali ya ku Mozambique. Madzi ake ndi osaya ndiponso amatope, choncho mtundu wake umasintha ola lililonse: mmawa otuwa, masana onyezimira ngati malata, madzulo ofiirira. Kuli njedza, kuli zimbowera zoyandama momwe asodzi amagonamo, kuli matemba oyanikidwa pa thandala, makumba ndi milamba ili pa moto. Kuli mapiri a pa Chisi, kuli minda ya mpunga ku Likangala ndi ku Domasi, ndipo kukacha bwino Mulanje amaonekera kummwera.

Palinso chifukwa china chachikulu kuposa kukongola. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, imadalira mvula ndi mitsinje monga Likangala, Domasi ndi Phalombe, ndipo imaphwa. Inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 tinaona mabwato atakhala pa dothi long'aluka. Mu 1997 inalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse, makamaka kaamba ka mbalame zake. Akatswiri amayeza madzi n'kulemba malipoti, koma lipoti silionetsa nkhope ya msodzi amene akukankha njinga pomwe chaka chatha ankapalasa bwato. Imeneyo ndi ntchito ya wojambula.

Monet ankajambula chinthu chimodzi kambirimbiri pa nthawi zosiyana: milu ya tirigu mu 1890 ndi 1891, kenako khomo la tchalitchi cha ku Rouen. Wachinyamata wa kuno akhoza kuchita zomwezo ndi doko la Kachulu. Aime malo amodzi, ajambule mwezi uliwonse, dzinja ndi chilimwe, chaka cha madzi ambiri ndi chaka cha chilala, alembe tsiku kuseri kwa pepala. Pakatha zaka khumi adzakhala ndi mbiri ya nyanja yomwe palibe ofesi ili nayo.

Ndipo asadikire penti wa m'machubu. Makolo omwe anajambula m'mapanga a Chongoni ku Dedza, malo 127 omwe UNESCO inawazindikira mu 2006, anagwiritsa ntchito utoto wofiira ndi woyera wochokera m'chilengedwe chowazungulira. Amayi athu mpaka lero amadziwa komwe kuli dothi lakuda, lofiira ndi loyera lozirira nyumba. Makala alipo, makatoni alipo, penti wotsala polemba bwato aliponso.

Kwa aphunzitsi a m'sukulu zathu za pulayimale ndi sekondale, pempho langa ndi laling'ono. Pa 15 January tikamakumbukira a Chilembwe, kapena sabata yotsatira ana akabwerera m'kalasi, aonetseni pa foni chithunzi cha chiboliboli cha ku London chija, muwauze kuti amene anachipanga anaphunzira ku Chirunga. Mukatero muwatulutse panja ndi pepala ndi khala, ayang'ane kunyanja, ajambule chomwe akuona.